Zikomo wa mayi wa ku Kanyama

Omvera athu, mvula ikagwa ku Kanyama madzi amadzaza m'njira. Taganizirani mayi amene wabereka mwana wa zaka 9 wosayenda, akuwoloka matope kupita naye kuchipatala kukawongola miyendo. Msana ukuwawa, ndipo tomato wake sanagulitsidwe lero. Koma mukamupatsa moni, akuyankhani kuti, "Tikuthokoza Mulungu."

Amathokoza chiyani? Mwanayo dzulo wagwira yekha supuni. Wakhala tsonga popanda womugwirira, patapita zaka akungogona pamphasa. Amathokozanso mnzake woyandikana naye nyumba amene amatsala ndi mwanayo iye akapita kukaoda katundu ku Soweto Market. Ife tingaziyese zazing'ono, koma iye amadziwa thukuta limene lagwerapo.

Kuthokoza kwakeko kusatigoneke tulo. Alipo abambo amene anathawa banja mwana wolumala atabadwa, achibale n'kumaloza mayi chala kuti ndi ufiti. Nkhanza zimenezi zithe. Ana ena amatsekeredwabe m'nyumba ku Chawama, ku George ndi ku Matero chifukwa cha manyazi, pamene lamulo la 2012 loteteza anthu olumala limawapatsa ufulu wa sukulu ndi chithandizo chamankhwala. Chipatala cha Beit CURE kuno ku Lusaka chimachita opaleshoni yaulere kwa ana opindika mapazi, ndipo bungwe la ZAPD limalembetsa olumala ndi kuwapatsa khadi.

Inu bambo amene mukundimva, mawa berekaniko mwanayo inuyo, mayi ake apumuleko.