Kumbani Chimbudzi Musanakhome Hema

Chilimwe chikafika, gombe la Chintheche limadzaza ndi anthu. Ana a sukulu, achinyamata a m'mipingo ndiponso alendo ochokera ku Mzuzu ndi ku maiko akutali amabwera kudzasambira, kudzasewera mpira pamchenga ndi kugona m'mahema, kuyambira ku Chintheche, kudzera ku Bandawe, mpaka ku Kande. Chikondwerero cha zoimbaimba cha Lake of Stars chinayambira pagombe lomweli m'chaka cha 2004. Kupita kunyanja nkwabwino: thupi limalimba, mtima umapumula, ndipo amayi ogulitsa nsomba, nthochi ndi mpunga wa ku Limphasa amapezapo kangachepe.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Anthu makumi atatu akagona pamalo amodzi masiku atatu, pamenepo pasanduka mudzi, ndipo mudzi wopanda chimbudzi ndi chisa cha matenda. Nchifukwa chake ine ndikuti gulu lililonse lomanga msasa pagombe liyambe lakumba chimbudzi, hema abwere pambuyo.

Taganizirani za likodzo. Munthu wodwala nthendayi akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo amaswa, ndipo tizilomboto timalowa m'nkhono zimene zimakonda madzi odekha a m'bango ndi a m'minda ya mpunga monga ya m'dambo la Limphasa. Tikatuluka m'nkhonomo timaboola khungu la aliyense wosamba kapena wochapa pamenepo. Patapita miyezi, mwana amayamba kukodza magazi, makolo nkumadabwa kumene wazitenga.

Kolera nayenso amayenda ndi chimbudzi cha munthu. Mliri wa kolera si nthano yakale yoti tiiwale, koma ndi wa dzulodzuloli: unabuka mu Marichi 2022, unafika m'midzi ya m'mbali mwa nyanja m'boma lathu la Nkhata Bay, ndipo pofika pakati pa chaka cha 2023 unali utapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

Ena amati nyanja njaikulu, imatsuka zonse. Ai ndithu. Madzi a m'mphepete, momwe mlendo wadzithandizira usiku, ndi omwewo amene mayi amatunga m'mawa.

Tsono chitani izi. Kumbani chimbudzi kumtunda, mamita osachepera 30 kuchokera kunyanja kapena kuchitsime, ndipo pochoka muchikwirire bwino. Pambali pake ikani madzi ndi sopo wosambira m'manja. Madzi akumwa muwawiritse kapena muthiremo klorini. Sambirani pamchenga poyera pamene mafunde amawomba, osati m'bango kapena pamathiriro a mtsinje, pomwe ng'ona nazonso zimabisala. Usiku gonani m'masikito, pakuti udzudzu wa malungo susankha mlendo. Mukaona magazi m'mkodzo, fulumirani kuchipatala; mankhwala a praziquantel amachiza likodzo.

Inu mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a achinyamata, udindo ndi wanu. Gulu likabwera kudzapempha malo, funsani kaye kuti khasu lili kuti ndipo chimbudzi akumba pati. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zimene wasiya pamchenga zimatsalira ana anu. Alandireni alendo ndi manja awiri, ndipo muwaonetse pokumba asanamasule katundu wawo.