Khoti silidikira maliro

Okondedwa abale kumudzi ndi anzanga kuno ku Joni,

Mnzanga wina wa ku Mangochi adachotsedwa ntchito, ndipo ku CCMA mlandu sudamukomere. Asanachite kanthu, adathamangira kumudzi kukaika mayi ake. Atabwera adataya mwezi wina akuzungulira kukhoti la majisitireti, lomwe lilibe mphamvu pa nkhaniyi.

Lamulo la ntchito la 1995 likuti ukachotsedwa, dandaula ku CCMA pasanathe masiku 30. Chigamulo cha CCMA chilibe apilo wamba. Umapempha Labour Court kuti ichiunikenso, pasanathe masabata 6 chilandirireni pepalalo. Ukachedwa, umayamba wapempha chikhululukiro ndi kufotokoza chifukwa, ndipo woweruza akhoza kukana.

Kwa ine masabata 6 ndi ochepa kwa munthu amene kwawo nkutali, ya loya alibe. Koma kudandaula sikuimitsa kalendala. Lembani tsiku lomwe mwalandira pepala, ndipo perekani pempho musanakwere basi. Zosowa mapepala zisakuopseni: mu 2008 Labour Court idagamula kuti mlendo wopanda chilolezo cha ntchito nayenso ndi wantchito pamaso pa lamulo.

Inu akumudzi, mwana akachedwa pamaliro chifukwa cha mlandu, mumvetseni.

Ndatha ine wanu.