Mpira wa pa Makompyuta Akale: Ubwino Wake Unagona Pati?

Pali anthu ambiri lero amene akaona masewera a mpira a pa makompyuta a zaka za m'ma 1980 amangoseka, nanena kuti zinali zidole chabe. Enanso, makamaka ku Britain kumene masewerawa anafala, amawatamanda onse ngati kuti panalibe woipa ndi mmodzi yemwe. Magulu awiri onsewa akuphonya. Ena mwa masewerawo anali abwino zedi, ena anali achabechabe, ndipo chimene chinawasiyanitsa ndi nzeru za owapanga, popeza makina anali amodzimodzi.

Makinawo anali osauka ndithu. ZX Spectrum, imene kampani ya Clive Sinclair inatulutsa m'chaka cha 1982, inali ndi malo osungira zinthu osapitirira 48K, ochepa kuposa chithunzi chimodzi chojambulidwa pa foni ya masiku ano. Mwini wake ankailumikiza ku wailesi yakanema, ndipo masewera ankachokera pa kaseti, munthu nadikira mphindi zingapo asanayambe kusewera. M'malo opanikiza otere bwalo lonse la mpira silikanalowamo. Wopanga aliyense anayenera kusankha chimene iye anachiyesa mtima wa mpira, nasiya zina zonse.

Kevin Toms anasankha mutu wa mphunzitsi wa timu. Mu Football Manager ya 1982, wosewera ankayambira m'gawo lachinayi la ligi, kugula ndi kugulitsa anyamata, kusankha oti alowe m'bwalo, kenaka n'kungopenya tianthu tonga timitengo tikuthamangira ku golo, iye wopanda chochita. Zithunzi zinali zosaoneka bwino, komatu mtima unkagunda, chifukwa zotsatira zinkachokera pa zimene munthu wasankha yekha. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo.

Jon Ritman anasankha kayendedwe ka mpira. Match Day ya 1984 ndi Match Day II ya 1987 zinali zoyenda pang'onopang'ono, koma mu yachiwiriyi munthu ankatha kupima mphamvu yomenyera, ndipo mpira unkanjanja molingana ndi mbali ya thupi imene wagunda. Dino Dini, mu Kick Off ya 1989 ya pa makina amphamvuko a Atari ST ndi Amiga, anakana kuti mpira uzimatirira kuphazi monga zinalili m'masewera ambiri. Wosewera ankaukankha patsogolo n'kuuthamangira. Oyamba kumene ankavutika nazo, koma luso linkakula ndi kuyeserera, monga zimakhalira pa bwalo lenileni.

Tsono taonani mbali inayo. M'chaka cha 1986, pa nthawi ya mpikisano wa dziko lonse ku Mexico, kampani ya U.S. Gold inatulutsa World Cup Carnival m'bokosi lokongola, muli zithunzi zokhoma pakhoma. Ogula atafika kunyumba anapeza kuti anali masewera akale a kampani ya Artic a m'chaka cha 1984, ongosinthidwa pang'ono ndi kukwezedwa mtengo. Magazini a makompyuta anadzudzula kolimba. Chinali chikomekome cha mkuyu, ndipo pano umphawi wa makina sungakhale chowiringula, pakuti Match Day inkayenda pa makina omwewo.

Kotero muyeso woyenera poweruza masewerawa ndi uwu: kodi wosewera akagonja ankadziwa chimene walakwitsa, nafuna kubwerezanso? Pamene yankho lili inde, masewerawo adakali okoma ngakhale lero.

Nkhaniyi ikukhudza aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu amene akufuna kuphunzira kulemba mapulogalamu, koma agwa ulesi chifukwa kompyuta imene ali nayo ndi yakale. Toms analemba Football Manager m'chiyankhulo cha BASIC, chimene chinapangidwira ophunzira oyamba. Kompyuta yakale ya pa sukulu iliyonse lero ikuposa Spectrum kutalitali. Mphunzitsi asadikire makina atsopano. Apatse ophunzira ake ntchito yaing'ono, nawafunse kuti m'ntchitoyo chofunika koposa n'chiyani, ndipo chimene angasiye n'chiti.