Opita ku Hora, Embangweni ndi Luwawa, Chenjerani ndi Malo Ogona

Makolo anzanga, imani kaye musanatumize ndalama ya malo ogona.

Sukulu zikatsekera, ambiri mwa inu mumakonza zotengera ana ku Mzimba. Mukufuna akaone phiri la Hora, pomwe Atumbuka a Baza Dokowe adazingidwa ndi Angoni cha m'ma 1880, ndi pomwe chaka ndi chaka mu Ogasiti anthu amasonkhana pa chikondwerero cha Umthetho pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V. Ena mukufuna kukhota pa Jenda kulowera ku Embangweni, ku mishoni ya Loudon yomwe Donald Fraser adakhazikitsa mu 1902. Enanso mukufuna mphepo ya m'nkhalango ya paini ku Luwawa ndi ku Chikangawa. Pitani ndithu, ana ayenera kuidziwa mbiri imeneyi. Koma funso la komwe mukagone lingakutayitseni ndalama, ndipo lingakutayitseni mwana.

Tiyambe ndi akathyali a pa foni.

Malo ogona alendo pa boma la Mzimba ndi ochepa poyerekeza ndi khamu lomwe limabwera sabata ya Umthetho. Akuba amadziwa zimenezi. Amatenga zithunzi za tinyumba tokongola ta matabwa, tina ta malo enieni a kuno, tina ta kunja kwa dziko, n'kuziika pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Mtengo amautsitsa. Mukawaimbira amayankha mwaulemu, n'kukuuzani kuti kwatsala kanyumba kamodzi kokha ndipo banja lina likukafuna lero lomwe, choncho mutumize dipoziti pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Kukufulumizitsani kumeneko ndiye msampha. Mwini malo weniweni saopa kuti mumufufuze.

Musatumize kalikonse musanachite izi. Pezani nambala ya malowo kudzera njira ina, kusiyana ndi ija ya pa chithunzi, muimbe mufunse ngati munthuyo amamudziwa. Muli ndi mbale, mnzanu wa ku tchalitchi kapena mphunzitsi amene amakhala ku Mzimba? Mutumeni akafike pakhomopo, akaone ndi maso. Pemphani mwini malo akuimbireni pa vidiyo ali m'kanyumbamo, akuonetseni chitseko, mabedi, chimbudzi ndi chikwangwani cha panja. Funsani za laisensi, chifukwa lamulo limafuna kuti malo ogona alendo akhale ndi chiphaso cha boma. Potumiza ndalama, werengani dzina lomwe foni ikuonetsa musanalembe nambala yanu yachinsinsi. Dzinalo likasiyana ndi lomwe adakuuzani, lekani pomwepo. Safunsa adadya phula.

Ndipo ngakhale zonse zitaoneka bwino, musalipire ndalama yonse muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Yotsalayo mukapereke mutagwira kiyi m'manja.

Ngati akuberani kale, musachite manyazi. Sungani mauthenga onse ndi nambala yomwe munatumizako, imbirani kampani yanu ya foni nthawi yomweyo, ndipo kaneneni kupolisi. Mukakhala chete, mawa abera mnansi wanu ndi chithunzi chomwecho.

Koma ndalama imapezeka ina. Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi zomwe zimachitika banja likafika usiku, ana atatopa, n'kupeza kuti kanyumba kaja kulibe. Pamenepo munthu amalola chipinda chilichonse. Bulangete limodzi, simenti yozizira, ana akunjenjemera. Wina wachifundo amabwera ndi mbaula. Inu mumathokoza, mumatseka chitseko, mumatseka mawindo, mwina mumatsekanso mipata ndi nsanza kuti mphepo isalowe.

Musachite zimenezo, abale anga. Mbaula m'chipinda chotseka imapha.

Boma la Mzimba lili pamtunda wopitirira mamita 1,300, ndipo Chikangawa ndi Luwawa zili pamwamba kuposa pamenepo. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti usiku wake umazizira mwakuti wochokera ku Salima kapena ku Nsanje sangaupirire osakonzekera. N'chifukwa chake mlendo ndi amene amakopeka msanga ndi makala. Ngoziyi ilipo ngakhale m'kanyumba kabwino komwe mwalipira moyenera.

Makala akamayaka pomwe mpweya sukulowa bwino amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Ambiri amati utsi ukatha ndiye kuti makala ayera, akhoza kulowa nawo m'nyumba. Limenelo ndi bodza lomwe latengera anthu kumanda. Makala ofiira opanda utsi amatulutsabe poizoniyu, ngakhale omwe akuoneka ngati azima pansi pa phulusa.

Mpweyawu ukalowa m'mapapo umakakamira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zopitirira 200. Magazi amayendabe, koma ubongo ndi mtima sizilandira chomwe zimafuna. Munthu ali maso amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Munthu ali m'tulo samva kanthu, amangopitirira. Makanda, amayi oyembekezera, agogo ndi odwala mtima ndi amene amayamba kugonja. Amene wamwako mowa ku chikondwerero sadzuka n'komwe kuti apulumutse anzake.

Chenjerani ndi chinyengo china. Zizindikirozi zimafanana ndi malungo, kapena kutopa kwa ulendo. Mayi amapatsa mwana Panado, n'kumufunditsa bwino pafupi ndi mbaula yomweyo. Ngati anthu awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi adwala mutu nthawi imodzi, musaganize za malungo. Tsegulani chitseko ndi mawindo, tulutsani aliyense panja, tulutsani mbaula. Amene wakomoka mugonekeni chammbali pa mpweya wabwino, musamumwetse madzi kapena mkaka. Thamangirani naye kuchipatala cha boma pa Mzimba kapena cha mishoni ku Embangweni, mukawauze madokotala mosabisa kuti munagona ndi makala, kuti amupatse okosijeni msanga. Ngakhale atatsitsimuka panjira, pitani nayebe.

Otherani moto panja. Mukafuna kugona, mbaula itsale panja, kutali ndi khoma la matabwa ndi udzu wouma, ndipo muithire madzi. M'nkhalango ya paini ija ya Viphya khala limodzi limatha kuotcha mahekitala ambiri nyengo yachilimwe. Jenereta isalire m'khonde lotseka kapena pansi pa windo lomwe mwagona. Amene mwasowa chipinda n'kugona m'galimoto, musasiye injini ikulira kuti mumve kutentha, pakuti utsi wake uli ndi poizoni yemweyo. M'tenti namonso musalowetse makala kapena sitovu.

Chitetezo chenicheni chili m'chikwama chomwe mukulongedza kunyumba. Tengani mabulangete okwanira aliyense, majuzi, zipewa ndi masokosi a ana, ndi mphasa kapena matiresi oti muyale pa simenti. Tengani tochi m'malo mwa kandulo. Nyamukani m'mawa kuti mukafike dzuwa lisanalowe, mukhale ndi nthawi yokana chipinda choipa ndi kufuna china. Misewu yambiri yopatuka pa M1 kupita kumidzi ndi kunkhalango ndi yafumbi, ndipo netiweki imasowa m'malo ena, choncho lembani papepala nambala za anthu awiri a kumeneko, ndipo muuze wachibale komwe mukagone.

Inu eni malo ogona a ku Mzimba, nanunso mutithandize. Onjezani mabulangete m'zipinda, lembani chenjezo pachitseko, ndipo muwauze antchito anu kuti mlendo akapempha mbaula ya m'chipinda amukanize, ngakhale atakwiya.