KAIDI ADZABWERA KWAO: ABWERE NDI CIANI M'MANJA?

Awerengi athu amene ali pa nchito m'matauni amakhoma msonkho, ndipo zina mwa ndalamazo zimakadyetsa akaidi. Cifukwa cace nkoyenera kufunsa kuti: kodi munthu akatsiriza zaka zace m'ndende amaturuka ali wotani? Funso limeneli labvutitsanso Boma la California, ku America, ndipo zimene zacitika pa ndende yao ya amuna ya San Quentin ziri ndi phunziro kwa ife.

Ndende imeneyi inatsegulidwa m'caka ca 1852, kumpoto kwa mzinda wa San Francisco, ndipo ndiyo yakale koposa zonse m'California. Kwa zaka zambiri dzina lace linali loopsya, popeza kumeneko ndiko anali kusungira ndi kuphera amuna oweruzidwa kuti afe. Wotsiriza anaphedwa m'caka ca 2006, ndipo mu 2019 Bwanamkubwa Gavin Newsom analamula kuti cilango cimeneci ciyambe caima. Mu 2023 analengeza kuti ndendeyo isanduke malo okonzera anthu, potsanzira ndende za ku Norway.

Koma nchito yokonza anthuyo inayamba kale Boma lisanalankhule. Mu 1994 aphungu a ku America analetsa akaidi kulandira ndalama za Boma zolipirira maphunziro apamwamba, ndipo masukulu ambiri a m'ndende anatsekedwa. Ku San Quentin aphunzitsi ongodzipereka, osalandira malipiro, anayamba kuphunzitsa mu 1996, ndipo sukuluyo inakula kufikira kukhala koleji yobvomerezeka, dzina lace Mount Tamalpais College. Mu 2010 bungwe la The Last Mile linayamba kuphunzitsa akaidi za malonda, ndipo pambuyo pace luso la makompyuta. Akaidi amalemba okha nyuzi yao, San Quentin News, ndipo mu 2017 anayamba kuulutsa nkhani za moyo wao pa intaneti, pa dzina la Ear Hustle. Mmodzi wa oyambitsa ace, Earlonne Woods, Bwanamkubwa Jerry Brown anamcepetsera cilango mu 2018, naturuka kukapitiriza nchito yomweyo ali mfulu.

Wina adzati: "Ine ndimadzuka mbandakuca, koma ndiri kulephera kulipirira mwana wanga sukulu, nanga wakuba aphunzire bwanji ulere?" Dandaulo ili nlomveka ndithu, ndipo ife sitinena kuti wolakwa asalangidwe, iai, mlandu suola. Koma akaidi ambiri sadzafera m'ndende. Tsiku lina cipata cidzatseguka, munthuyo nadzakwera basi imodzi ndi inu, nadzafuna nyumba pafupi ndi yanu. Akabwera cimanjamanja, palibe bwana amene adzamlembe nchito. Njala idzambwezera ku njira yakale, ndipo woberedwa mudzakhala inu. Mu 2013 bungwe lofufuza la RAND linapeza kuti akaidi amene anaphunzira ali m'ndende sabwererako kawirikawiri monga anzao, ndi kuti kuphunzitsa munthu nkocipa kusiyana ndi kumsunganso kaciwiri.

Komabe sukulu yokha siikwanira. Mu 2011 Bwalo Lalikuru la milandu la ku America linalamula California kuti icepetse akaidi, popeza kupanikizana kunali kulepheretsa odwala kulandira mankhwala. Mu 2020 akaidi 121 anasamutsidwira ku San Quentin kucokera ku ndende ya ku Chino kumene kunali mliri wa Covid-19. Anthu oposa 2,000 anadwala. Akaidi 28 ndi msilikari mmodzi wa ndende anamwalira. Oweruza sanalamule kuti anthu amenewa afe ndi matenda. Buku silingathandize munthu amene ali kugona mothithikana m'cipinda copanda mpweya.

Tsono tikamva akuluakulu ali kukamba za ndende za kwathu kuno, tiwafunse zinthu ziwiri. Coyamba, kodi kaidi ali ndi malo ogona, cakudya ndi mankhwala? Caciwiri, kodi ali kuphunzira kuwerenga, ukalipentala, kumanga kapena kusoka? Ndipo nafenso tiri ndi mbali yathu. Munthu wotero akadzaima pa cipata ca fakitale kufuna nchito, a kapitao ayang'ane luso limene liri m'manja mwace, ndipo ife anzace tisamloze cala. Tikamkana, tamtumiza tokha ku ndende, ndipo msonkho womdyetsera udzacokanso m'thumba mwathu.