Mapuloti a pa boma la Chitipa: amafunsidwa ndani nyumba zisanakwere?

Chitipa siinayambe dzulo. M'nthawi ya atsamunda boma lino linkatchedwa Fort Hill, ndipo m'dera la mfumu yaikulu Mwaulambya muli mabanja omwe akhala pano mibadwo ingapo, ali ndi manda awo, mitengo ya mango ya agogo awo, komanso tinjira ta kuchitsime. Chifikireni tara wochokera ku Karonga, malo apano akwera mtengo. Aliyense wopeza kandalama pa bizinesi ya ku Tanzania kapena Zambia akufuna puloti, amange nyumba za lendi.

Zimenezo n'zabwino, achinyamata tikufunadi pokhala. Koma mwiniderayo akangofunsa kuti "kodi kanjira kathu kapita kuti?", timathamanga kumunena kuti ndi mdani wa chitukuko. Apa nde ndimakana ine.

Malamulo a malo a 2016 ali mbali ya munthu wofunsayo. Lamulo la Physical Planning Act linaika dziko lonse la Malawi pansi pa mapulani, kutanthauza kuti ngakhale kuno, kumanga kuyenera kutsata ndondomeko. Customary Land Act nayo inakhazikitsa makomiti a malo: wapampando ndi gulupu, ndipo mwa mamembala 6 osankhidwa, osachepera atatu azikhala amayi. Mkangano ukabuka, pali bwalo la malo lomwe amatsogolera ndi a T/A. Ndiye zoti munthu angomva m'mawa kuti mpanda wa njerwa wadutsa pa manda a makolo ake, zimenezo si za m'lamulo ayi.

Vuto n'lakuti ambirife sitikudziwa kuti komiti ya m'mudzi mwathu ndi ndani. Timalalata pa Facebook maziko atathiridwa kale simenti, basi.

Wina angati zamapulani n'za m'mizinda ikuluikulu. Taonani ku Blantyre: nyumba zinakwera phiri la Soche kwa zaka zambiri, mpaka namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula matope n'kupha anthu ambiri ku Chilobwe. Ife tidakali ndi danga chifukwa boma lathu n'laling'ono.

Khonsolo ya Chitipa imate poyera mapu osonyeza pomwe padzadutse misewu, ngalande ndi malo osamangapo. Nafenso, tisanalipire puloti, tifunse a gulupu kuti komiti inakhala liti, ndipo oyandikana nawo anamva.