Mphaka Sanabe Insulini ya Agogo

Pali nkhani imene imatikwiyitsa msanga ife a m'makomboni a Bulawayo, makamaka ife zidzukulu za matchona amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku njanji, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Wina akangonena kuti ku Hillside kapena ku Burnside kuli mphaka amene dokotala wa ziweto wamupeza ndi matenda a shuga, ndipo wayamba kubayidwa insulini m'mawa ndi madzulo, onse amapukusa mitu. Ena amaseka, ena amatukwana. Amati agogo ku Makokoba atha sabata osabaya chifukwa botolo linatha, ndiye mankhwala omwewo azikathera m'thupi mwa chona? Amati mphakayo angomupha, ndalamazo zithandize anthu.

Mkwiyowo ndi woyenera, koma tikuutula pakhomo polakwika. Amene ayenera kuyankha mlanduwu amagona tulo tabwino tikamalimbana ndi mphaka.

Tiyambe ndi masamu. Mphaka amene angomupeza kumene ndi shuga nthawi zambiri amayamba ndi yuniti imodzi m'mawa, ina madzulo. Munthu wamkulu amene moyo wake ukudalira insulini amafuna mayuniti pafupifupi 40 pa tsiku. Mitundu ina imene amphaka amabayidwa, monga Caninsulin wochokera ku nkhumba ndi ProZinc, anaikonzera nyama, ndipo munthu sapatsidwa. N'zoona kuti madokotala ambiri amalembera mphaka glargine, amene ndi mankhwala a anthu ndithu, ogulidwa ku famase komwe tonse timagula. Koma tinene kuti mphaka uja tamupha lero. Kodi peni ya glargine ija iyenda yokha mpaka ku Njube? Ikhala pa shelefu pomwepo kudikira wina amene ali ndi madola a ku America. Mafakitale a dziko lapansi sakulephera kupanga insulini. Chimene chikulepheretsa agogo kubaya ndi mtengo wake ndiponso kagulidwe ka boma.

Komanso tisaiwale kumene mankhwalawa anachokera. Mu 1921, mumzinda wa Toronto ku Canada, Frederick Banting ndi Charles Best ankachotsa kapamba mwa agalu kuti adwale shuga, n'kumawayesera mankhwala. Agalu ambiri anafera pa ntchito imeneyo. Mnyamata woyamba kuchira, Leonard Thompson wa zaka 14, anabayidwa mu January 1922 insulini yochokera mu kapamba wa ng'ombe imene James Collip anayenga. Kwa zaka 60, mpaka mu 1982 pamene insulini yopangidwa mu fakitale motengera ya munthu inavomerezedwa, wodwala shuga aliyense wodalira insulini ankakhala ndi moyo chifukwa cha ng'ombe ndi nkhumba zophedwa. Ife a kuno ku Matabeleland, dziko la ng'ombe, ndife omaliza amene tinganene kuti nyama ilibe gawo pa mankhwala amenewa.

M'malo momupha, mphakayo timuimike ngati mboni. Taonani zimene amamuchitira pa masabata awiri oyamba, ndipo pa chilichonse mudzifunse ngati agogo anachitiridwa chomwecho.

Choyamba, wina anaona zizindikiro. Mphaka akumwa madzi kwambiri, akukodza pafupipafupi, akudya ngati wanjala koma akuonda, mwina wayamba kuponda ndi chigongono cha miyendo yakumbuyo poyenda. Amapita naye kwa dokotala. Dokotala sakhutira ndi kuyeza kamodzi, chifukwa mphaka akachita mantha shuga wake amakwera ngakhale ali bwinobwino. Amayeza mkodzo, ndipo nthawi zambiri amayezanso chinthu china m'magazi chotchedwa fructosamine, chimene chimasonyeza mmene shuga wakhalira pa masabata awiri kapena atatu apitawo. Tsono kumbukirani kuti bungwe la International Diabetes Federation linanena mu 2021 kuti mu Africa anthu oposa theka mwa amene ali ndi shuga sadziwa n'komwe kuti akudwala. Ambiri amadziwira pa bedi la chipatala, phazi litayamba kale kuwola.

Chachiwiri, mwini mphaka amaphunzitsidwa. Amamusonyeza kutsina khungu, kulowetsa singano pansi pake, kusinthasintha malo obaya, ndi kusunga nthawi, maola 12 aliwonse. Amamuchenjeza za masirinji. Caninsulin ndi ProZinc ali ndi mayuniti 40 pa mililita imodzi, pamene insulini ya anthu ili ndi 100. Mukatunga insulini ya anthu ndi sirinji ya mayuniti 40, mwabaya mlingo wochuluka kawiri ndi theka, ndipo mphaka akhoza kufa tsiku lomwelo. Amamuuzanso kuti mphaka akakana kudya asangobaya, ayambe waimba foni. Akaona kuti wafooka, akudzandira kapena akunjenjemera, ndiye kuti shuga watsika kwambiri: amupake uchi m'nkhama n'kuthamanga naye kwa dokotala. Nanga agogo? Ndani anakhala nawo pansi kwa theka la ola, m'Chichewa kapena m'Chindebele, kuwafotokozera chochita thukuta lozizira likawagwira pakati pa usiku? Namwino mmodzi amene ali ndi mzere wofika kunja kwa chipata nthawi imeneyo aitenga kuti?

Chachitatu, amabwerera naye. Pakatha sabata kapena awiri, amatenga kadontho ka magazi m'mphepete mwa khutu, maola awiri aliwonse tsiku lonse, kuti aone mmene shuga akutsikira ndi kukwerera, kenako n'kusintha mlingo pang'onopang'ono. Amamusinthira chakudya, kuchepetsa zija zouma za m'thumba zodzaza ndi ufa n'kumupatsa zanyama. Ndipo chifukwa chakuti shuga wa amphaka amafanana ndi uja wa mtundu wachiwiri amene amagwira anthu akuluakulu, mphaka amene wathandizidwa msanga akhoza kusiya jakisoni pakapita miyezi. Kashini koyezera shuga kunyumba agogo mwina ali nako, kamene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Johannesburg, koma timapepala take tinatha kalekale.

Chachinayi, botolo limasungidwa pozizira. Kumayadi magetsi a ZESA akazima, sola kapena jenereta imadzuka. Kukomboni furiji imasanduka kabati. Apa pali uthenga umene ukanayenera kufika m'nyumba iliyonse. Kafukufuku wa Médecins Sans Frontières ndi University of Geneva, wofalitsidwa mu 2021, anatengera kutentha kwa kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, ndipo anapeza kuti botolo lotsegulidwa limasunga mphamvu yake kwa masabata anayi ngakhale kutentha kukamasinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Choncho magetsi akazima, botolo lisatayidwe. Liikidwe pamthunzi, pafupi ndi mtsuko wa madzi. Ndi angati anauzidwa zimenezi?

Palibe chodabwitsa pa zinthu zinayizi. Kuyeza, kuphunzitsa, kubwereranso, kusunga bwino: uwu ndiye muyezo wotsikitsitsa wa chithandizo cha shuga, ndipo mphaka wangotikumbutsa mmene umaonekera.

Inu abwana ndi adona a kumayadi, musaganize kuti nkhaniyi yakupulumutsani. Walira mvula walira matope. Mwasankha kuweta mphaka, muchizeni, ndipo mwachita bwino. Koma m'nyumba zambiri dzanja limene ligwire sirinji inu muli kuntchito kapena ku tchuthi ndi la amayi okuphikirani kapena la achimwene okusamalirani maluwa. Pitani nawo kwa dokotala akamve okha malangizo, osati kuwasiyira kapepala pa furiji kenako n'kudzawakalipira mphaka akakomoka. Jakisoni wa maola 12 aliwonse sadziwa Lamlungu, ndiye ntchito yowonjezerayo ilipiridwe. Ndipo ngati mungathe kulipira kuti mphaka ayezedwe magazi, simungalephere kufunsa munthu amene wakutumikirani zaka 20 kuti anayezetsa liti shuga wake, ndi kumugulira botolo lake likatha. Munthu amene akubaya mphaka wanu mankhwala amene iye mwini akuwasowa muyenera kuchita naye manyazi.

Koma mlandu waukulu uli kwina. Mu 1923 Banting, Best ndi Collip anapereka umwini wa insulini ku University of Toronto pa dola imodzi aliyense, kuti pasakhale munthu wolemerera pa iyo. Lero makampani atatu okha, Novo Nordisk, Eli Lilly ndi Sanofi, agwira gawo loposa 90 pa 100 la msika wonse, ndipo bungwe la WHO likuti mwa anthu a shuga wa mtundu wachiwiri amene akufunika insulini, pafupifupi theka saipeza. Mu 2024, kutsidya kwa Limpopo, Novo Nordisk inasiya kupereka mapeni a insulini ku zipatala za boma za South Africa, odwala n'kubwerera ku botolo ndi sirinji, pa nthawi imene kampaniyo inali kalikiliki kudzaza mapeni a Ozempic ndi Wegovy ogulitsa ku mayiko olemera.

Boma lathu nalo lisabisale kumbuyo kwa makampaniwa. Zimbabwe ikudziwa kupezera matenda ndalama ikafuna. Msonkho wa Edzi unakhazikitsidwa mu 1999, ndipo lero mwana wa sukulu aliyense akudziwa kumene ma ARV amalandiridwa kwaulere. Mu 2024 boma linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa, n'kunena kuti ndalamazo zigulira makina ochizira khansa. Makinawo akufunikadi. Koma msonkho umene timalipira pogula Mazoe ndi Fanta ungadutse bwanji wodwala shuga osamusiyira kanthu? Mayiko a WHO anagwirizana mu 2022 kuti pofika 2030 munthu aliyense wa shuga wa mtundu woyamba azipeza insulini ndi zoyezera pa mtengo umene angakwanitse. Lonjezo limenelo tiliyezere pa windo la mankhwala ku Mpilo, ku United Bulawayo Hospitals ndi ku makiliniki a khonsolo, chifukwa n'kumene anthu athu amapita.

Ndiye abale anga, khansala kapena phungu akabwera kudzapempha voti ku Mzilikazi ndi ku Luveve, timufunse zinthu zowerengeka. Gawo lanji la msonkho wa shuga lipita ku insulini, masirinji ndi timapepala toyezera? NatPharm ikugula kuti, pa mtengo wanji, ndipo kiliniki yathu ilandira mabotolo angati mwezi uno? Namwino wophunzitsa odwala atsopano abwera liti? Akayamba kuzemba, mumuuze kuti ku Hillside kuli mphaka amene analandira zonsezi m'masabata awiri, ndipo agogo akufuna zomwezo.